ZA UMOYO M'BANJA: Alonda a pakhungu ndi mnyamata amene adawaona

Takumananso pa tsamba lathu lino la za umoyo m'banja, ndipo ulendo uno tikambirana za khungu ndi nthenda imodzi imene ikusowetsa mtendere m'mabanja ambiri.

Ambiri a ife tikuidziwa nyumba imene anthu ake sagona tulo. Mwana wa chaka chimodzi amayamba kudzikanda dzuwa likangolowa. Amakanda m'masaya, m'khosi ndi kuseri kwa mawondo mpaka magazi kutuluka. Mayi amamugwira manja, bambo amadzuka kumunyamula, koma akangomugoneka wayambiranso. Kukacha, anthu apamudzi amabwera ndi nzeru zawo. Wina akuti ndi mphere, wina akuti mkaka wa mayi ndi woipa, wina akuti mwanayo adamulodza, ndipo wina amanong'ona kuti kapena ndi khate. Posakhalitsa amayi anzake amayamba kuletsa ana awo kusewera naye. Banja limagulitsa nkhuku, kenaka mbuzi, kuti ligule mafuta a mitundumitundu pamsika, koma khungu la mwana likungoipirabe.

Nthawi zambiri nthenda imeneyi imakhala imene madokotala amaitcha eczema. Kwathu kuno timangoti ziwengo kapena zidzolo, maina amene timatchulira nawonso nthenda zina zosiyana kwambiri ndi iyi. Kuti timvetse chimene chikuchitika pa khungu la mwana wotere, tiyambe ndi nkhani ya mnyamata wina wa ku Germany amene adayamba kufufuza za khungu zaka zoposa 150 zapitazo.

Wophunzira amene adalakwitsa

Paul Langerhans adabadwa pa 25 July, 1847 mumzinda wa Berlin. Bambo ake adali dokotala ndipo iyenso adasankha ntchito yomweyo. Adaphunzira ku Jena ndi ku Berlin, kumene adali pansi pa mphunzitsi wotchuka Rudolf Virchow. Masiku amenewo munthu akadula kachidutswa kopyapyala ka khungu ndi kukaika pa maikulosikopu, zambiri sizinkaoneka, chifukwa maselo, tizidutswa ting'onoting'ono timene timapanga thupi lathu, alibe mtundu woti diso n'kuwasiyanitsa bwino. Mmodzi mwa aphunzitsi ake, Julius Cohnheim, adali atapeza njira yodetsera minyewa ndi mankhwala opangidwa kuchokera ku golide kuti izioneka. Langerhans adatenga njira imeneyi n'kuiyesa pa khungu la munthu.

M'khungu lapamwamba adaonamo timaselo takuda tokhala ndi nthambi zotambalala uku ndi uku, titakhala patalipatali pakati pa maselo ena. M'chaka cha 1868, ali ndi zaka pafupifupi 21 ndipo asanamalize n'komwe maphunziro ake, adalemba ndi kujambula zimene adaonazo. Popeza mankhwala a golide aja ankadziwika kuti amadetsa minyewa, ndiponso timaseloti tinkaoneka ngati minyewa, iye adaganiza kuti ndi mbali ya minyewa ya pakhungu. Pamenepa adalakwitsa. Koma zimene adajambula zidali zoona, ndipo mpaka lero maselo amenewa amatchedwa ndi dzina lake.

Chaka chotsatira, mu 1869, pofufuza chiwalo chotchedwa pancreas m'matupi a akalulu, adaonamo timagulu ta maselo tokhala patokha ngati tizilumba. Patapita nthawi zidadziwika kuti timaguluti ndi timene timapanga insulin, amene kusowa kwake kumabweretsa matenda a shuga. Koma moyo wake sudali wautali. Mu 1874 adapezeka ndi chifuwa chachikulu, ndipo adasamukira ku chilumba cha Madeira pofuna mpweya wabwino. Kumeneko adapitiriza kuthandiza odwala ndi kufufuza za nyongolotsi za m'nyanja. Adamwalira mumzinda wa Funchal pa 20 July, 1888, kutatsala masiku 5 kuti akwanitse zaka 41. Adapita asakudziwa ntchito ya maselo ake a pakhungu aja, ngakhalenso ya tizilumba tija.

Yankho lidabwera patapita zaka 105

Kwa nthawi yaitali akatswiri ankangotsutsana za maselo a Langerhans. M'chaka cha 1973, dokotala wamkazi wa matenda a pakhungu ku New York, Inga Silberberg, adayang'ana khungu la anthu amene adatupa atakhudzana ndi zinthu zosayanjana ndi matupi awo. Adaona kuti pa khungu lotupalo maselo a Langerhans adali atagundana ndi maselo oyera a m'magazi, amene ndi asilikali a chitetezo cha m'thupi. Chaka chomwecho, mumzinda womwewo, wofufuza wina wa zaka 30, Ralph Steinman, pamodzi ndi mphunzitsi wake Zanvil Cohn, adapeza m'thupi la mbewa maselo anthambi amene pambuyo pake adadziwika kuti ndiwo amadzutsa asilikali aja. Kwa zaka zingapo anzake ambiri sadamukhulupirire. Mu 1985, iye ndi Gerold Schuler adaonetsa kuti maselo a Langerhans amagwira ntchito yomweyo. Steinman adapatsidwa mphoto ya Nobel mu 2011, koma uthenga wake udalengezedwa iye atamwalira masiku 3 m'mbuyo mwake.

Tsono ntchito ya maselo amenewa ndi yotani? Tiwayerekeze ndi alonda a pamudzi. Ndi ochepa, sapitirira 5 pa maselo 100 alionse a khungu lapamwamba, koma nthambi zawo zimafika paliponse. Kanthu kachilendo kakalowa pakhungu, kaya ndi kachilombo kapena mankhwala, mlonda amatenga kachidutswa kake n'kunyamuka ulendo wopita ku timfundo ta chitetezo timene tili m'khosi, m'khwapa ndi m'mphechepeche, timene tikatupa timati mwanabere. Kumeneko amaonetsa kachidutswako kwa asilikali. Asilikali amene akazindikira amachulukana n'kupita kukhungu kukamenya nkhondo. Kutupa, kutentha ndi kuyabwa kumene timamva ndi zizindikiro za nkhondo imeneyo. Ntchitoyi alondawa amaigwira pamodzi ndi anzawo ena a m'kati mwa khungu, ndipo lero zikudziwikanso kuti nthawi zina iwo ndiwo amauza asilikali kuti akhale chete pamene mlendo ali wosaopsa.

Dongosolo limeneli ndi lotiteteza. Vuto limabwera pamene thupi layamba kumenyana ndi fumbi, sopo, ubweya wa mphaka kapena chitsulo cha ndolo ngati kuti ndi adani. Nkhondo yotere siitha, pakuti zinthu zimenezi tili nazo masiku onse.

Khoma la njerwa

Koma kodi zinthu zimenezi zimalowa bwanji mpaka kufika kwa alonda? Khungu la munthu wamkulu litati litambasulidwe lingakwane pafupifupi masikweya mita 2. Lili ndi magawo atatu: lapamwamba, lapakati m'mene muli mitsempha ya magazi, minyewa ndi mizu ya tsitsi, ndi lapansi la mafuta. Gawo lapamwamba ndi lopyapyala kwambiri, m'malo ambiri silikwana ndi milimita imodzi yomwe. Maselo ake amabadwira pansi, n'kumakwera pang'onopang'ono, kufa, kuuma, kenaka n'kuyoyoka. Ulendo wonsewu umatenga mwezi umodzi kapena kupitirirapo.

Akatswiri amayerekeza maselo ouma a pamwamba penipeni ndi njerwa, ndipo mafuta amene ali pakati pawo ndi dothi lomangira. Khoma likakhala lolimba, madzi a m'thupi satuluka ndipo zakunja sizilowa. Dothi likakokoloka, khoma limachita ming'alu. Khungu limauma ndi kutuwa, ndipo fumbi, sopo ndi tizilombo zimapeza polowera.

Pansi pa njerwa zimenezi pali mzere wa maselo okhala ndi timadontho, umene Langerhans yemwe uja adaufotokozanso. M'timadonthomo ndi mmene muli chiyambi cha puloteni wotchedwa filaggrin. Puloteni ameneyu amathandiza kuumba njerwa zija kuti zikhale zophwatalala ndi zolimba, ndipo akatha ntchito amaphwanyika n'kusanduka tinthu timene timasunga chinyezi pakhungu.

Mu 2006, gulu la ofufuza lotsogozedwa ndi Irwin McLean pa yunivesite ya Dundee ku Scotland lidapeza kuti anthu ena amabadwa ndi vuto pa malangizo a chibadwa opangira filaggrin, ndipo anthu otere amadwala eczema kwambiri kuposa anzawo. Mwa anthu a ku Ulaya, pafupifupi munthu mmodzi mwa 10 ali nalo vuto limeneli. Kufikira nthawi imeneyo ambiri ankaganiza kuti eczema ndi nthenda ya chitetezo cha m'thupi basi. Kuyambira pamenepo zidaoneka kuti mbali zonse ziwiri zimakokana: khoma likang'aluka alonda amadzuka, ndipo nkhondo imene amadzutsayo imafooketsanso khomalo. Kuyabwa kumabweretsa kukanda, kukanda kumagumula njerwa zina, ndipo kuyabwa kumawonjezeka.

Zimene zidapezeka mu Africa

Apa pali phunziro limene likutikhudza ife. Ofufuza atayeza anthu odwala eczema ku Ethiopia, ndi kutulutsa zotsatira mu 2011, adapeza kuti vuto la chibadwa limene lili lofala ku Ulaya lija kumeneko silipezeka kawirikawiri. Mu 2014 zotsatira za kafukufuku wa pakati pa Axhosa ku South Africa zidasonyeza zofanana: odwalawo adalibe vutolo, ngakhale kuti tinthu tosunga chinyezi tija tidali tochepa pa khungu lawo. Kotero mwana wa ku Dundee ndi mwana wa ku Cape Town angathe kumakanda mofanana, koma chiyambi cha vuto lawo osakhala chimodzi.

Ngakhale maonekedwe a nthendayi amasiyana. Mabuku ambiri a zachipatala adalembedwa ndi zithunzi za anthu oyera, ndipo amati eczema imafiiritsa khungu. Pa khungu lakuda kufiirako sikuoneka bwino. Malo odwalawo amada kwambiri, amatuwa, kapena amachita timatuza touma ngati khungu la nkhuku yosolola nthenga. Akapola amasiya zigamba zakuda kapena zoyererako zimene zimatenga miyezi kuti zibwerere mwakale. Ndiye chifukwa chake mwana wodwala kwambiri angathe kuoneka ngati akudwala pang'ono kwa munthu amene adangophunzira za kufiira.

Tisaganizenso kuti iyi ndi nthenda ya azungu. Kafukufuku wamkulu wotchedwa ISAAC, amene adayamba mu 1991 ndi kufunsa za ana m'maiko ambiri, adapeza kuti eczema ndi yofala ndithu m'mizinda ya mu Africa. M'maiko ambiri imagwira mwana mmodzi kapena awiri mwa ana 10 alionse. Kawirikawiri imayamba mwana asanakwanitse zaka 5, ndipo imakonda mabanja amene muli mphumu kapena chimfine chobwera ndi fumbi. Ana ambiri amapeza bwino akamakula, ngakhale ena amapitirira nayo mpaka ukulu.

Si zoyabwa zonse zili zofanana

Safunsa adadya phula. Musanagule mankhwala, ndi bwino kudziwa nthenda imene mukulimbana nayo, pakuti mankhwala othandiza pa ina amaononga pa inzake.

Eczema siyopatsirana. Mungathe kugona pa mphasa imodzi, kudyera mbale imodzi ndi kumukumbatira mwana wodwalayo popanda kutenga kanthu. Kwa makanda imaonekera m'masaya, m'mutu ndi kunja kwa mikono ndi miyendo. Kwa ana okulirapo imakonda mopindika mwa zigongono, kuseri kwa mawondo ndi m'khosi. Imapola ndi kuyambiranso.

Mphere ndi yopatsirana. Imabwera ndi kachilombo kakang'ono kamene kamakumba m'khungu, makamaka pakati pa zala, m'mikono, m'chiuno ndi kumalo obisika. Chizindikiro chake chachikulu n'chakuti anthu angapo m'nyumba amayamba kukanda nthawi imodzi. Onse a m'nyumbamo ayenera kulandira mankhwala tsiku limodzi, ndipo zovala ndi zofunda zichapidwe ndi madzi otentha ndi kuyanikidwa padzuwa.

Chipere chimakula mozungulira ngati ndalama, chokhala ndi mkombero woonekera bwino, ndipo chikakhala m'mutu chimathothola tsitsi. Cha m'mutu chimafuna mankhwala akumwa, odzola okha sakwanira.

Psoriasis ndi nthenda ina ya kutupa kwa khungu imenenso siyopatsirana. Maselo amene amayenera kukwera kwa mwezi amakwera m'masiku ochepa chabe, n'kuunjikana ngati mamba otuwa pa zigongono, pa mawondo ndi m'mutu.

Khate limayamba ndi chigamba choyererako chimene nthawi zambiri sichiyabwa, ndipo mukachikhudza ndi kathonje mwini wake samva. Kachilombo kake adakapeza ndi dokotala wachinyamata wa ku Norway, Gerhard Armauer Hansen, mu 1873. Lero khate limachizika ndi mankhwala akumwa kwa miyezi 6 kapena 12, ndipo mankhwalawo ndi aulere. Chigamba chosamva chiyenera kukaonetsedwa kuchipatala mwamsanga munthu asanalumale.

Tiwonjezeponso kuti munthu wamkulu amene watuluka zidzolo zoyabwa thupi lonse zosamva mankhwala achite bwino kukayezetsa magazi, chifukwa nthawi zina khungu ndilo limayamba kusonyeza kuti chitetezo chatsika ndi HIV.

Zimene tingachite pakhomo

Popeza tamvetsa kuti vuto lagona pa khoma long'aluka ndi alonda odzuka, chithandizo chake chilinso pawiri: kumata khoma ndi kukhazika mtima pansi alonda.

Kumata khoma ndi ntchito ya makolo, ndipo ndi ya tsiku ndi tsiku. Mafuta osanunkhira ngati Vaseline woyera amathandiza kwambiri ndipo ndi otsika mtengo. Mwana adzozedwe thupi lonse kawiri pa tsiku kapena kupitirira apo, makamaka akangotuluka m'madzi khungu lisanaumiretu. Kudzoza kupitirire ngakhale pamene khungu likuoneka kuti lapola. Madzi osamba akhale ofunda pang'ono, osati otentha, ndipo mwana asakhalitsemo. Sopo wochapira zovala, kaya wamtanda kapena waufa, asamusambitsire, chifukwa amasungunula mafuta a pakati pa njerwa zija. Musamukhule ndi mwala, chinkhupule kapena chiguduli chokhakhala. Pomupukuta, ingogunditsani nsalu pakhungu osati kutikita.

Zovala zathonje ndizo zabwino. Zaubweya ndi zanailoni zimawonjezera kuyabwa. Zochapa zitsukuluzidwe bwino kuti sopo asatsalemo. Zikhadabo ziwengedwe kawirikawiri. Muonetsetsenso nyengo: mu June ndi July mphepo yozizira imaumitsa khungu, ndipo mu October thukuta limaliwawitsa. Nthawi zimenezi ndi zofunika kusamala koposa.

Ife amene timatsuka manja, nkhope ndi mapazi kangapo pa tsiku pokonzekera Swala tidziwe kuti madzi akamauma pakhungu amachoka ndi chinyezi cha khungulo. Amene ali ndi khungu louma asagwiritse ntchito sopo nthawi iliyonse, ndipo akamaliza wudhu apukute mofatsa n'kudzola mafuta pang'ono. Ngati khungu lachita zilonda zoti madzi akulipweteka, funsani adokotala za chilondacho ndiponso a Shehe anu za chimene chili chololedwa kwa wodwala.

Chenjezo lina ndi la chakudya. Makolo ena akauzidwa kuti mwana ali ndi ziwengo amamuletsa mazira, mkaka, nsomba, mtedza ndi nyemba nthawi imodzi, ndipo ena amafika pomusiyitsa bere. Mapeto ake mwana amanyentchera, khungu lili chikandire. Ana ambiri a eczema chakudya sindicho gwero la vuto lawo. Ngati mwaona kuti chakudya china chikumutupitsa milomo, kumusanzitsa kapena kumubanikitsa akangodya, pitani naye kuchipatala msanga. Koma musamumane zakudya zomanga thupi pongoganizira.

Kukhazika pansi alonda ndi ntchito ya mankhwala a kuchipatala. Odziwika kwambiri ndi hydrocortisone wodzola, amene madokotala awiri a ku New York, Marion Sulzberger ndi Victor Witten, adasonyeza mu 1952 kuti amathandiza pa nthenda za kutupa kwa khungu. Amapakidwa pa malo odwala okha, kwa masiku amene adokotala anena. Akagwiritsidwa ntchito motero ndi abwino ndipo palibe chifukwa chowaopera. M'chaka cha 2017 ku America adavomereza mankhwala obaya otchedwa dupilumab, amene amatseka mauthenga awiri amene asilikali a m'thupi amatumizirana pa eczema. Amathandiza odwala kwambiri, koma mtengo wake ndi woti mabanja athu ambiri sangaufike.

Pali zizindikiro zimene sizifuna kudikira mawa. Khungu likayamba kutuluka mafinya kapena nkhanambo zachikasu, mwana akatentha thupi, kapena pakatuluka matuza ang'onoang'ono opweteka ofalikira msanga, ndiye kuti tizilombo talowa pa ming'alu ija. Mwana wotere apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Chikomekome cha mkuyu

M'misika yathu ndi m'magolosale mumapezeka timachubu ta mafuta amene anthu amati amachiza zonse za pakhungu, ndipo ena amawagula kuti ayeretse nkhope. Ambiri mwa iwo muli mankhwala amphamvu kwambiri monga clobetasol ndi betamethasone, a mtundu umodzi ndi hydrocortisone koma oposa mphamvu kutalitali. Masiku oyamba kuyabwa kumaleka ndipo mayi amasangalala. Koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Akadzoledwa kwa miyezi, khungu limapyapyala, limachita mizeremizere yosafufutika, limatuluka ziphuphu, ndipo mukangosiya nthenda imabwerera mwaukali. Akapakidwa pa chipere kapena mphere amagoneka alonda aja pamene mdani weniweni ali m'mudzi, ndipo nthendayo imafalikira. Kwa khanda, limene khungu lake ndi lopyapyala, mankhwalawa amalowa mpaka m'magazi. Mafuta ena oyeretsa khungu muli hydroquinone, amene akadzoledwa nthawi yaitali amadetsa nkhope moti siibwereranso mwakale. Dziko la South Africa lidaletsa mankhwala amenewa m'mafuta odzola mu 1990.

Amayi ndi atsikana, tikambeponso za hina, pakuti pa ukwati ndi pa Eid manja ambiri amakongoletsedwa. Hina weniweni amachokera ku masamba a chitsamba, amafuna maola angapo kuti agwire, ndipo mtundu wake ndi wofiirira. Hina wakuda bii amene amagwira msangamsanga nthawi zambiri amakhala atasakanizidwa ndi mankhwala odetsera tsitsi otchedwa PPD. Mankhwala amenewa akakhala pakhungu, alonda aja amatenga kachidutswa kake kupita nako kwa asilikali. Kwa amene wapaka koyamba, sabata imodzi kapena ziwiri zingathe kudutsa popanda kanthu, kenaka maluwa onse amene adajambulidwa pamanja amatupa, kuchita matuza, ndipo ena amasiya zipsera. Choopsa china n'chakuti thupi siliiwala. Munthu wotere akadzadetsa tsitsi ngakhale patapita zaka, angathe kutupa mutu ndi nkhope pasanathe masiku awiri kapena atatu. Umu ndi mmenenso zimachitikira kwa amene amatupa m'makutu akavala ndolo zotchipa zokhala ndi chitsulo cha nickel. Funsani wopaka hina kuti wasakanizamo chiyani, ndipo makanda musawapake hina wa mtundu uliwonse, chifukwa ana ena amabadwa ndi magazi amene amaonongeka ndi hina ngakhale weniweni.

Mau kwa makolo ndi achinyamata

Mwana wa eczema amavutika kawiri. Usiku sagona, ndipo masana kusukulu kapena kumadrasa amasinza, anzake n'kumamuthawa pa benchi. Mtsikana wamkulu amavala zobisa mikono ngakhale kukutentha, ndipo amaopa kuti a kuchimuna akadzaona khungu lake ukwati udzalephereka. Zonsezi zimachitika chifukwa cha nthenda imene siyopatsirana, imene sidabwere chifukwa cha uve wa mayi kapena dzanja la munthu. Aphunzitsi ndi akuluakulu a pamudzi akalankhula zoona pa nkhaniyi, theka la mtolo wa banja lotere limatsika. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Chithandizo chilipo. Zipatala zathu zikuluzikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe zili ndi mbali yoona za khungu, ndipo ena mwa ogwira ntchito za khungu m'dziko muno adaphunzira ku sukulu ya matenda a pakhungu ya ku Moshi, ku Tanzania, imene idatsegulidwa mu 1992. Yambirani pa chipatala chimene muli nacho pafupi, ndipo mutenge machubu onse amene mwakhala mukudzoza mwana kuti adokotala awaone.

Pomaliza tibwerere kwa mnyamata wa ku Berlin uja. Adali wophunzira chabe, ndipo tanthauzo limene adapereka pa zimene adaona lidali lolakwika. Komabe chifukwa adayang'anitsitsa ndi kulemba zoona, anthu amene adabadwa iye atamwalira kale adapeza poyambira. Taona kuti zimene zidapezeka ku Dundee sizidafotokoze mokwanira za odwala a ku Ethiopia ndi ku South Africa. Mafunso okhudza khungu lathu, nyengo yathu ndi sopo wathu akudikira anthu oti awafufuze, ndipo oyenera kutero ndi ana athu omwewa, anyamata ndi atsikana. Mwana amene amakonda sayansi ndi kufunsa mafunso osatha musamukalipire kuti ndi wovuta. Mulipirireni fizi, mugulireni buku, ndipo akalakwitsa mulimbikitseni kuti ayesenso.

Kwa mayi amene usiku uno agwiranso manja a mwana wake kuti asakande, tikuti musataye mtima. Mudzozeni mafuta m'mawa ndi madzulo, tayani machubu a pamsika, ndipo mupite naye kuchipatala. Tidzakumananso m'kope likubwerali, Insha Allah. Wassalamu alaikum.